Apongozi Anandipeza Injini Ikulira

Anthu akaona chipsera chili pamkono wanga wakumanzerewu amayamba kundimvera chisoni, ena mpaka kunong'onezana kuti ameneyo ndi mwamuna wake. Ayi ndithu, amuna anga sanandimenyepo ngakhale khofi limodzi. Chipserachi chinachokera ku galimoto yanga, ndipo sindichibisa. Malaya a manja aafupi ndimavala dala.

Ndinakwatiwa chitengwa kuno kwa Mavwere, ndiye kuti ndimakhala kwawo kwa amuna anga, pakati pa abale awo. Amuna angawo ndi dalaivala wa mathiraki aja amadutsa pa boda ya Mchinji kulowa m'Zambia, ndipo akapita ndiye apita, mwezi umatha tikungomvana pa foni. Atagula kapikapu kakale ka dizilo, cholinga chinali choti tilembe munthu azinyamula mtedza ndi soya m'midzi muno kupita nazo ku boma ndi ku boda. Dalaivala woyamba ankamwa dizilo kuposa injini. Wachiwiri ankaona bala ya mowa iliyonse ngati siteji. Ndinati basi, zakwana, manja ndili nawo, maso ndili nawo. Ndinaphunzira kuyendetsa, ndinatenga laisensi, ndipo kuyambira pamenepo fizi ya ana, feteleza ndi malata a nyumba zinayamba kuchokera kumbuyo kwa kagalimotoko.

Koma galimoto yakale siyendera chiwongolero chokha. Lero yakana kulira, mawa ikutentha, mkuja yathyoka sipuling'i pa msewu wa kwa Dambe mvula ili m'mwamba. Makaniko ali ku boma, ukamuimbira amati, "Ndikubwera, mayi," ndipo pofika iyeyo mtedza wayamba kumera m'matumba. Ndiye ndinayamba kuphunzira kukonza ndekha. Ndikamadikira katundu pa boda ndinkaima pafupi ndi madalaivala amene ankakonza mathiraki awo, n'kumafunsa mopanda manyazi. Ena ankaseka, amvekere mayi pitani mukaphike, ena ankandiuza bwinobwino mpaka kundigwiritsa sipanala. Osekawo ndinkawasiya aseke, mano ndi awo. Amuna anga akabwera ndinkawakokera pansi pa galimoto asanapume n'komwe. Iwo ndi amene anandipatsa masipanala ochepa ndi ovolosi yawo yakale, yoduka zipi pachifuwa.

Kuvulala ndinavulala, sindikana. Tsiku lina ndinatsegula chotsekera cha redieta injini ikadali yotentha chifukwa mwini katundu ankandifulumizitsa, madzi anandiwaula zala mpaka khungu kusendeka ngati la mbatata yophika. Kuyambira pamenepo ndimadikira izizire, mwini katundu atukwane mmene angathere. Jeke nayo inandiphunzitsa. Ndinaikhazika pa njerwa dothi lili lonyowa, njerwa n'kuphwanyika, galimoto n'kutsika pa chala chachikulu cha kuphazi. Chikhadabo chinada n'kugwa, ndinayenda chotsimphina nyengo yonse yopalira. Panopa ndimayenda ndi zitsa ziwiri za bulugamu, ndipo sindilowetsa ngakhale dzanja pansi pa galimoto yoimira jeke yokha. Chinthu chikandiluma kamodzi sichindilumanso, ndi mmene ndilili ine. Lamulo lina sindinadikire kuti lindilume. Ndinalimva kwa dalaivala wina wa ku Chipata amene analibe zala ziwiri. Anakweza dzanja lakelo n'kunena kuti injini ikamalira, chilichonse cholendewera chikhale kutali, kaya ndi mpango, mkanda kapena manja a malaya. Ndinamumvera. Pa injini ndinkaima ndi ovolosi yokha, tsitsi lili m'chipewa.

Ovolosiyo ndi imene inkawadya mumtima apongozi aakazi, mayi awo a amuna anga. Ankati mkazi wa mwana wawo akuyenda ngati wa pa galaja, mudzi wonse ukuwaseka. Tinalimbana pang'ono, kenako tinagwirizana kuti galimoto ndizikonzera kuseri kwa nyumba, ndipo kukabwera munthu wamkulu ndizivala chitenje pamwamba. Ndinavomera ndi mtima umodzi. Ndine wamakani, inde, koma kwathu anandilanga, mwambo ndimaudziwa.

Apongozi aamuna anali munthu wina. Mlimi wa fodya, mkulu wa mpingo, wosachulutsa mawu. Ine ndi iwo tinkalemekezana mwa chipongozi chenicheni, chija achinyamata a masiku ano amaseka. Moni wa m'manja sitinkapatsana. Akabwera pakhomo ndinkagwada chapatali nkhope ili kumbali, iwo n'kumalankhula akuyang'ana mtengo wa mango. Tikakumana m'njira mmodzi ankapatukira m'munda. Madzi akumwa ndinkawaikira pansi, iwo n'kutola okha. Zaka zonsezo ndinali ndisanawayang'anepo m'maso, ndipo sindikanatha kukuuzani ngati ankandikonda kapena ankangondipirira.

Tsiku lake kunali kozizira, mwezi wa Juni, nyengo ya mtedza, ndipo katundu ankandidikira kwa Dambe. Galimoto inali itayamba kumwa madzi modabwitsa, koma pothawira pake posaoneka. Kudontha kotere kumaoneka injini ikalira mpaka kutentha, choncho ndinailiza kuseri kwa nyumba, ndinatsegula boneti, n'kukwera pa bampala poti ndine wamfupi. Ana anali kusukulu, anthu ali m'minda. Ndili chiweramire ndinangomva kumbuyo kwanga, "Odi!" Apongozi aamuna. Anabwera kudzapempha kuti pobwerera ndiwatengereko matumba awo kumunda.

Amayi inu, thupi limadziwa mwambo kuposa mutu. Ndinadumpha pa bampala, ndinatsomphola chitenje pa chingwe choyanikira zovala, ndipo poti zipi ija inali yoduka, ndinachifunda kuyambira m'mapewa n'kumanga mfundo pakhosi kuti chibise zonse. Ndinagwada. Tinayamba moni wathu uja, mwadzuka bwanji, kaya kunyumba, kaya ana, injini ili chilirire. Kenako ndinamva tsiii, madzi ayamba kutuluka. Chomwe ndakhala ndikusaka m'mawa wonse! Ndinati, "Pepani bambo, ndione kaye aka," ndinalumphira pa bampala n'kuweramira mkati.

Paipi yong'ambikayo ndinaiona ndithu. Chomwe sindinaone ndi nsonga ya chitenje. Fanibelti, lamba uja amazungulira kutsogolo kwa injini, anaigwira nsongayo, ine ndinangomva khosi gwii! Mutu unapita pansi ngati ndakokedwa ndi ng'ombe. Ndinatchinga ndi mkono wakumanzere kuti nkhope isafike pa fani yoziziritsa injini, fani n'kuudya mkonowo. Kukuwa sikunatheke, mfundo inali itatseka pakhosi. Kiyi ali kutali, mkati mwa galimoto. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndinadziwa kuti ndikufa pakhomo panga pomwe, dzuwa likuwala.

Kenako manja awiri anandigwira m'chiuno. Apongozi. Munthu amene sankalandira ngakhale kapu ya madzi kuchokera m'dzanja langa anandikumbatira chakumbuyo, anaponda phazi pa bampala, n'kukoka. Alimi a fodya musamawaderere, ali ndi mphamvu m'mikono. Mfundo inandipana kwambiri, m'maso munachita mdima, kenako chitenje chinati kwee, tonse awiri n'kugwa chagada pa fumbi, ine pamwamba pawo. Lamba anali atavuka koma injini inkalirabe. Anafunsa ali wefuwefu, "Chimazimitsidwa bwanji chinthuchi?" Ndinakwawa ndekha n'kukapotokola kiyi. Iwo anang'amba malaya awo n'kumanga mkono wanga, magazi anga ali paliponse pa thalauza lawo. Apo ndi pomwe ndinawaona nkhope koyamba, ndipo anali akulira. Atamva anthu akubwera chapanjira anabwerera m'mbuyo, anakaima patali pomwe mpongozi amayenera kuima, n'kuyamba kukuwa kuti wina athamangire njinga yamoto.

Kuchipatala anandisoka mkono, ndipo anamwino anati fani inaphonya mtsempha waukulu pang'ono pokha. Pakhosi panali mzere wakuda wozungulira, mawu anasasa, phala lomwe linkavuta kumeza. Koma zala zonse zinkagwira. Ndili pa bedi pomwepo ndinkawerengera kale zogula, lamba watsopano ndi paipi.

Nditatuluka ndinapeza nkhani yapsa kale. Apongozi aakazi anali atauza mudzi wonse, ndi mwana wawo pa foni, kuti mkazi wolowerera ntchito za amuna mapeto ake ndi amenewa. Amuna anga anapempha tchuthi n'kubwera. Anayang'ana mkono, anayang'ana khosi, kenako anatenga makiyi pa msomali n'kuika m'thumba mwawo. Anati galimoto igulitsidwa, ndipo pali wamalonda wina wa pa boda amene waiona kale.

"Mayi," anatero, "ine sindifuna kudzalandira uthenga wa maliro ndili pa mzere wa mathiraki m'dziko la eni."

Sankalankhula mwaukali, ankalankhula mwamantha, ndipo ndinawamvetsa. Komabe ndinakana. Ndinawafunsa kuti inu mwaona mathiraki angati atagubuduzika m'njira zanuzo, nanga mwasiya kuyendetsa? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Galimoto ija inali khasu langa, inali mwendo wanga, ndipo ikanapita ndikanabwerera kokhala pakhonde n'kumadikira foni ilire kuti ndigule sopo. Tinakangana mpaka ana anayamba kudyera kwa agogo awo. Pamapeto pake anaitana ankhoswe.

Vuto langa linali ili. Palibe amene ankadziwa zomwe zinachitikadi kuseri kwa nyumba kuja. Anthu ankaganiza kuti apongozi aamuna anafika ngozi itachitika kale, n'kundimanga bala ngati mmene aliyense akanachitira. Iwo sanatsutse, inenso sindinatsutse. Chichitikireni ngoziyo sanapondenso pakhomo panga, ndipo kutchalitchi ankatulukira khomo lina. Ndinadziwa kuti manyazi akuwadya. M'mudzi mwathu muno mukamveka kuti mkulu wa mpingo anakumbatira mkazi wa mwana wake n'kugwa naye pansi, za fanibelti anthu amaziponya uko, amatola za kukumbatirazo. Ndikanangonena kuti iwo analipo injini isanandigwire, funso lotsatira likanakhala loti nanga anachitapo chiyani. Ndinalumbira mumtima kuti zimenezi pakamwa panga sizituluka, ngakhale galimoto ipite.

Tinakhala pakhonde pa apongozi Loweruka masana. Nkhoswe ya kwathu anali malume anga, ya kuchimuna anali achimwene awo a amuna anga. Abambo pa mipando, ife amayi pa mphasa. Apongozi aamuna anakhala kumapeto kwenikweni, chipewa pa bondo, maso pansi.

Apongozi aakazi ndiwo anatsegula. "Walira mvula walira matope. Ankafuna za amuna, azipeza. Ife tinanena kalekale kuti chovala chimenechi chidzabweretsa tsoka pakhomo pano."

Ndinawomba m'manja kupempha mawu. "Amayi, ovolosi sinandilume. Zaka zonsezi ndakonza galimotoyi ndili mu ovolosi, khosi langa lili bwinobwino. Chinandikoka ndi chitenje."

"Tamvani bodza!" anatero, akutembenukira kwa ankhoswe. "Inu mukakhala pa chigalimoto chanucho mumavala chitenje liti? Si paja mumati n'choopsa? Ndiye tsiku limenelo chinadzivala chokha?"

Malume anandiyang'ana. "Yankha, mwana wanga. Ngati lamulo umalidziwa, unaliphwanyiranji? Chifukwa ngati umaiwala malamulo ako omwe, ndiye kuti amuna akowa akunena zoona, tsiku lina tidzakutola."

Ine, amene pa boda ndimakangana ndi madalaivala mpaka iwo kutopa, ndinakhala duu. Yankho linali pa lilime penipeni, likuyabwa. Mtima unkawira, misozi ya ukali inayamba kulengeza, koma ndinangoyang'ana mphasa. Achimwene awo a amuna anga anapukusa mutu. Malume anapuma mozama n'kuyamba mawu aja oyambira kumanga nkhani, akuti popeza mwini wake alibe chonena.

Apongozi aamuna anatsokomola.

"Chitenjecho anavalira ine."

Iwo sanakweze mutu, ankalankhula ndi chipewa chawo.

"Ndinawapeza apongozi angawa ali pa ntchito yawo, atavala zoyenera ntchitoyo. Ndinamva kuti injini ikulira. Ndikanakhala wanzeru ndikanakhala pansi n'kudikira, koma ndinafuna moni wanga, ndinati odi. Anavala nsalu kundilemekeza ine, nsaluyo n'kuwakokera m'kati." Anapukuta pakamwa ndi dzanja. "Ndipo sanadzichotsemo okha. Ndinawagwira ine, m'chiuno, ndi manja awiri awa, ndinagwa nawo pansi. Wofuna kukanena kumpingo akanene. Ndikanati ndisunge mwambo, bwenzi adzukulu anga ali amasiye lero."

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Achimwene aja anayang'ana kumunda ngati kwabwera ng'ombe. Amuna anga anadzuka pa mpando n'kukhalanso.

"Bambo, nanga bwanji simunanene?"

"Manyazi, mwana wanga," anayankha. "Ndakhala nawo masiku onsewa, tulo osabwera. Koma taona, mkazi wakoyu wakhala chete pano, walolera kutchedwa wabodza, walolera kuti galimoto yake ipite, kuti ine nkhalamba ndisachite manyazi. Munthu wotereyu ndi amene ukumulanda makiyi?"

Apo ndinalira, sindibisa, ndinalira mokweza ngati pamaliro. Amuna anga anayang'ana bambo awo. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi n'kupereka kwa achimwene awo, iwo n'kupereka kwa malume, malume n'kuika pa mphasa patsogolo panga. Ndinawatola, ndinapukuta misozi, ndipo poti pakamwa panga panali patatseguka tsopano, ndinanena zanga zonse.

"Ndathokoza, makolo anga. Koma mumve lero, pasadzakhale wodandaula. Injini ikamalira ine sindipereka moni kwa aliyense. Kaya ndi amfumu, kaya ndi abusa, kaya ndi malume anga omwewa, adikire ndizimitse. Chitenje ndidzavala, kugwada ndidzagwada, koma kiyi ali m'manja."

Malume anaseka, amvekere mwana uyu anatengera mayi ake. Apongozi aakazi sanaseke, ndipo mpaka pano ovolosi saikonda, koma sanatsutse.

Nkhani inayenda m'mudzi monga ndinkaopera. Pa chitsime amayi ankasiya kulankhula ndikafika. Anyamata a pa siteji anapeka kanthabwala kawo. Kumpingo akuluakulu anzawo anawaitana apongozi kuti afotokoze, iwo anafotokoza, nkhani n'kuthera pomwepo, koma ndikudziwa kuti munthu wa ulemu wake ngati iwo zinawapweteka. Pakhomo panga anali asanabwerebe, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa mkono.

Bala litapola ndinagula lamba ndi paipi ku boma, ndinaziika ndekha injini ili yozima, kiyi ali m'thumba. Kenako ndinailiza kuti ndione ngati paipi yatsopanoyo ikudontha. Ndinakwera pa bampala, ovolosi yokha, manja kumbuyo, n'kumadikira kuti injini itenthe. Dzuwa linali litakwera, kunja kwayamba kale kufunda. Ndili pomwepo ndinaona munthu akubwera m'kanjira ka kumunda, ndipo mayendedwe ake ndinawadziwa. Apongozi aamuna.

Dzanja langa linanyamuka lokha kulozera ku chingwe cha zovala. Ndinalibweza.

Iwo sanati odi. Anafika pa nkhokwe n'kuima. Anavula chipewa, anatembenuka kundipatsa msana, n'kuyang'ana kumunda. Pamenepo palibe mthunzi, palibe pokhala. Injini ya dizilo imachedwa kutentha, ndipo ine sindinaifulumizitse. Ndinayang'ana paipi mbali iyi, ndinatsika n'kusuzumira pansi, ndinakweranso. Nthawi yonseyo nkhalamba ili chiimire padzuwa, thukuta likutsika m'khosi, osatembenuka ngakhale pang'ono. Nditakhutira kuti palibe dontho ndinatseka boneti, ndinazimitsa injini, ndinachotsa kiyi. Ndinasamba m'manja, ndinavala chitenje changa m'chiuno bwinobwino, n'kukagwada chapatali.

Analankhula asanatembenuke.

"Mwamaliza, apongozi?"

"Ndamaliza, bambo."

"Chabwino," anatero. "Odi."